Khoma Limene Linapinga Chikuku

Nyumba iliyonse ili ndi malo amene eni ake amawatukwana tsiku ndi tsiku koma osawakonza. Kwa ena ndi mpopi wodontha, kwa ena ndi chitseko chofuna kuchinyamula kaye kuti chitsekeke. M'nyumba ya mayi amene ndikufuna kukuuzaniyu, malowo anali khoma lalifupi koma lonenepa, loima pakati pa khitchini ndi kolido. Amene anamanga nyumbayo, kaya anali atalawa kaya anakangana ndi mwini wake, anaika khomo la khitchini pakona penipeni, moti wochokera kuchipinda chogona ankalowa chammbali atabweza mimba. Njira ya kubafa ndi kuchimbudzi inalinso yomweyo, kudzera m'khitchini. Tebulo analilowetsa atalichotsa miyendo. Firiji inasiya utoto wake pakonapo. Zaka zonsezi banjalo linkangoti, "Tidzaligwetsa khoma limeneli," n'kupitiriza kudutsa chammbali.

Mayiyu ankagwira ntchito kophikira buledi, ndipo kumeneko ndi kumene anam'patsa dzina lakuti Ndithana. Thumba la fulawa limene amuna ankanyamulizana awiri, iye ankangoliponya paphewa. Wina akati amuthandize, yankho linali lomwelo: "Siyani, ndithana nalo." Uvuni ukavuta, ndithana nawo. Mwana akadwala, ndithana nazo. Dzinalo linamera mizu mpaka limene makolo ake anam'patsa linaiwalika. Ndipo tisamunamizire, zambiri ankathana nazodi. Vuto la munthu wotere ndi lakuti akapambana kambirimbiri amayamba kuona kupempha ngati matenda ochititsa manyazi.

Mwamuna wake anali dalaivala wa lole, bambo wofatsa, wa mawu ochepa. Chisangalalo chake chonse chinali kukhala pa mpando wake pafupi ndi windo la m'khitchini, kusenda anyezi ndi kutsutsana ndi wailesi. Tsiku lina m'mawa, akumanga zingwe za nsapato, anangopendekeka n'kugwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Moyo unatsala, koma mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, mochita kukoka.

Patapita masabata angapo, dokotala wa mafizo, mayi wolankhula mosazungulira, anaitana achibale pambali pa bedi. Panali Ndithana, akadali mu yunifolomu ya kuntchito, ndi mlamu wake, mkulu wake wa wodwalayo.

"Kumapeto kwa mwezi uno tiwatulutsa," anatero dokotalayo. "Aziyenda pa chikuku, mpando wamatayala uwu. Koma kumene akupitako chikukuchi chizitha kufika kubafa ndi kuchimbudzi. Zomawanyamula pamanja tsiku lililonse ayi. Mudzawagwetsa, ndipo nanunso mudzathyoka msana."

Mlamuyo anatsokomola kaye, monga ankachitira akafuna kuti wodi yonse imve. Anali ndi bizinesi yobwereketsa zipangizo zomangira: makwerero, mawilibala, makina osakanizira simenti ndi zina zotero. Mtima woipa analibe, koma chifundo chake chinkayenda ndi chimkuzamawu. Akakubwereka makwerero lero, pofika mawa msewu wonse udziwa kuti unakwera padenga chifukwa cha iye.

"Ndiye nkhani yathera pomwepa," anatero. "Kwanga makomo ndi otakasuka, ngakhale ng'ombe ikhoza kulowa. Mng'ono wangayu abwera kwanga. Inu alamu musadandaule, ife tilipo. Tikuchirikizani."

Wodwalayo anapukusa mutu papilo. Analimbana ndi lilime lake kwa kanthawi, maso ali pa mkazi wake, kenako mawu anatuluka.

"Kwa... thu."

"Mwamva, alamu," anatero Ndithana. "Akuti kwawo. Bambowa abwerera m'nyumba mwawo."

"Kudzera pakona paja? Pamene ine ndimasiyapo mabatani a malaya?"

"Ndithana napo."

Ali m'basi pobwerera, si kona imene inkamudya mumtima. Anali mawu aja akuti tikuchirikizani. Inu mukudziwa kuti mawu amenewa ali ndi nkhope ziwiri. Munthu akhoza kukuchirikiza pokuthandiza, koma timachirikizanso chinthu chimene chapendekeka, monga mpanda woti ugwa ndi mphepo. Ndithana anamva tanthauzo lachiwirilo lokha. "Ine ndapendekeka?" ankadzifunsa. "Mwamuna wanga wangogona masabata ochepa, anthu ayamba kale kundifunira mitengo?" Anaoneratu mmene zidzakhalire: mwamuna wake wa iye mwini ali m'nyumba ya eni, mlamu akufotokozera mlendo aliyense mmene anapulumutsira banja la mng'ono wake. Anakukuta mano mpaka pamene anatsikira.

Achipatala anam'patsa chikukucho kuti akayesere kunyumba. M'kolido chinayenda bwinobwino. Chitafika pakona chinangoti gwa. Anachibweza, anachipendeketsa, anachilowetsa chafutambuyo, koma tayala limodzi likalowa linzake linkakakamira pakhoma. Anachisiya pomwepo n'kukaitana mmisiri.

Mmisiriyo anali bambo wachikulire, wa pensulo kukhutu, wosafulumira pa chilichonse. Ndithana anamuonetsa zonse zimene ankafuna. Sinki itsike pang'ono kuti munthu wokhala pansi azifikira mpopi, kabati ichoke pafupi ndi khomo la bafa, ndipo chachikulu, khoma la pakonalo lichoke. Za sinki ndi kabati mmisiri anangogwedeza mutu. Atafika pakhoma anagogoda, analiyang'ana mbali zonse, kenako anakwera pa tebulo n'kulowa m'denga kudzera pa kabowo ka siling'i. Anakhalamo nthawi ndithu. Anatsika ndevu zili ndi ukonde wa akangaude.

"Mayi, khoma ili si lokongoletsa ayi. Lasenza. Mitanda ikuluikulu ya denga inalumikizidwa pamwamba pake penipeni, ndipo thanki ya madzi yakhalanso pomwepo."

"Ndiye silingachoke?"

"Lingachoke. Koma tichirikize kaye."

Ndithana anamva ngati amuponda pachilonda.

"Tiimike majeki mbali zonse ziwiri," mmisiri anapitiriza, osadziwa kuti waputa mavu, "mizati yachitsulo yopota ija, kuti igwire denga. Tikatero tigumule khoma, tigoneke chitsulo chachitali pamwamba kuti chitenge katundu yense. Chitsulocho pafunika amuna angapo ochikweza. Ine majeki ndilibe, koma inu ndiye muli ndi mwayi. Wobwereketsa majeki kuno si alamu anu? Mungowaimbira, mawa lomwe afika."

"Kulibe wina?"

"Aliko wina kutsidya kwa msewu waukulu, koma ake onse ali pa nyumba yosanja imene akumanga kuja. Amasuka mwezi wa mawa chapakati."

"Bambo atuluka mwezi uno. Nanga matabwa ali kuseriwa?"

Mmisiriyo anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezeranso.

"Matabwa a shelefu aja? Mayi, ine ndili ndi ana. Imbirani alamu anu. Kubwereka jeki sikutsitsa munthu."

"Zikomo, amisiri. Ndikuitanani."

Sanamuitane, ndipo mlamu sanamuimbire.

Apa ndi pamene nzeru za kutopa zinamulowa. Munthu wotopa amaganiza, inde, koma amaganiza mokhotetsa, kuti yankho ligwere kumene mtima wafuna kale. Ndithana anaima pakonapo manja ali m'chiuno. Mmisiri wati denga lakhala pamwamba pa khoma. Chabwino. Nanga chikuku chimayenda m'mwamba? Munthu wokhala pa chikuku amalekeza m'chifuwa mwa woimirira. Ndiye bwanji osangochotsa njerwa za m'munsi zokha pakonapo, kuti tayala ndi phewa zipeze podutsa, za m'mwamba n'kuzisiya mmene zilili? "Denga sindilikhudza n'komwe," anadziuza. "Lidandaula chiyani?" Mayi yemweyu kuntchito akanamukalipira koopsa munthu wosolola thumba la pansi pa mulu wa fulawa. Koma pakhoma la m'nyumba mwake zimenezo sanazione.

Anatulutsa hamala ndi tchizulo m'bokosi la zitsulo la mwamuna wake n'kuyamba. Kuyambira tsiku limenelo moyo wake unangozungulira malo atatu. Kusanache ali kophikira buledi, kukanda ndi kunyamula mpaka masana. Akaweruka, basi ya kuchipatala, kukadyetsa bambo, kuwapukuta, kuwasintha zovala. Akachokako, basi ina, kenako khoma. Ankagwada pa katoni n'kumagogoda mpaka dzuwa kulowa. Njerwa za nyumba zakale si zamasewera, abale. Imodzi yokha inkamutulutsa thukuta la ntchito ya tsiku lonse. Fumbi linalowa paliponse, m'makapu, m'shuga, m'mabulangete, m'mphuno. Anasiya kuphika, n'kumangodya buledi wotsala kuntchito ataimirira. Akachotsa njerwa zingapo ankakankha chikuku kuti ayese. Tayala linkakodwabe. Ankapukuta nkhope ndi mkono n'kugwadanso.

Kuntchito zinayamba kuoneka. Tsiku lina anawodzera ataima patsogolo pa uvuni, ndipo buledi wa thireyi yonse anatuluka wakuda bii. Mnzake wa pa uvuni womwewo, mayi wonenepa wa nthabwala zambiri, anatsegula mawindo kuti utsi utuluke bwana asanaone.

"Amwali, mwayamba kuotcha makala kuno? Tiuzeni tidziwe, tisinthe chikwangwani panja."

Ndithana sanaseke.

"Koma kunena zoona, mukuchita chiyani kunyumbako? Manja anuwo aonongeka. Achimwene anga ali ndi dzanja pa zomangamanga, Loweruka amangokhala. Ndiwauze?"

"Musawavutitse. Ndi kantchito kakang'ono."

"Kantchito kakang'ono kakukudyani thupi chonchi? Inu dzina lanuli lidzakuphani."

Ndithana anali atanyamula kale thireyi ina.

Madzulo ena galimoto ya mlamu inaima pageti. Ndithana anaponya hamala pansi, anatseka chitseko kumbuyo kwake, n'kukamuchingamira panja.

"Alamu, kumutuku bwanji? Mwagwera m'chiyani?"

"Ndi fulawa."

"Fulawa wofiira?"

"Watsopano. Wangobwera kumene."

Mlamuyo anaseka, koma maso ake anali pachitseko chotsekacho. "Ndinakumana ndi mmisiri uja. Akuti pakufunika majeki. Ali pagalimotopa, alamu, ndawatenga. Ingonenani titsitse."

Ndithana anasuzumira. Analidi pamenepo, atagona mondandalikana, zitsulo zadzimbiri koma zolimba. Msana unkamuwawa ngati amumenya ndi mtengo, matuza a m'manja anali ataphulika, ndipo mtima wina unamuuza kuti landira, mayi iwe, landira upume. Mawu akuti chabwino anali atafika kale pakhosi. Koma mlamuyo, poti pakamwa sipaphunzira, anawonjezera.

"Ndawauza kale anzanga kuntchito kuti mlamu wanga ndimuchirikiza mpaka aime."

Basi, chitseko cha mumtima chinatsekeka pomwepo.

"Bwererani nawoni, alamu. Ndasintha maganizo, khoma sindigwetsa."

"Nanga mng'ono wanga adutsa pati?"

"Adutsa."

Mlamu anamuyang'ana, anapukusa mutu, n'kuliza galimoto. Ndithana anaiona ikukhota pamapeto pa msewu, zitsulo zikulira kumbuyo, kenako anabwerera kukagwada pa katoni pake.

Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, akaimba foni kufunsa ngati abwere, ankamuyankha kuti asavutike, zonse zili m'malo. Kuchipatala nako sanatchule kanthu. Tsiku lina akuwamwetsa tiyi, bambo anayang'anitsitsa zikhatho zake zong'ambikazo.

"Ma... nja."

"Ndi uvuni, bambo. Imwani."

"Nyu... mba?"

"Ili bwino. Inu zanu ndi mafizo, za kunyumba ndisiyireni. Musamaganize zambiri, adokotala anakana."

Bamboyo anatsegula pakamwa kuti anene kanthu kena, koma mawu anachedwa, ndipo Ndithana anali atanyamuka kale kukatsuka kapu. Masiku amenewo ankachita zimenezi kawirikawiri, kumumalizira mwamuna wake zonena kapena kuchoka asanamalize. Sikuti ankamunyoza. Nthawi ndiyo analibe, basi ikudikira, khoma likudikira.

Nyumba nayo inayesetsa kumuchenjeza mmene ikanathera. Chitseko cha kuchipinda chinayamba kukakamira, chofuna phewa kuti chitseguke. Iye anati ndi chinyezi. Pamwamba pa khomo la khitchini panatuluka mng'alu wowonda ngati ulusi, wokwera chopendekera kusiling'i. Anaumata ndi pulasitala, mawa lake unatulukanso pambali pake. M'mawa ankapeza timchenga pa sitovu pamene anapukuta dzulo lake. Zonsezi anaziona, ndipo mantha anali nawo ndithu, tisanene kuti analibe. Nthawi zina ankaima hamala ili m'mwamba, n'kumvetsera. Koma mwezi unali kutha, ndipo tayala linali litatsala pang'ono kudutsa.

Chimene chinam'pusitsa kwambiri ndi madzi. Sabata yomalizayo mipopi ya dera lonselo inauma, monga zimachitikira, ndipo thanki ya m'denga ija inatha madzi n'kukhala yopepuka. Ndi masiku omwewo pamene Ndithana anachotsa njerwa zomaliza, zolowa mkati kwambiri mwa khoma. Anayang'ana m'mwamba. Denga linangoti zii. Iye anati, mwaona, amisiri amangoopseza anthu.

Anakhala pa chikukucho yekha n'kudzikankha kuchokera kuchipinda. Kolido, kona, khitchini, mpaka pakhomo la bafa, osakhudza paliponse. Anabwerezanso kuti atsimikize. Kenako anangokhala pomwepo pakati pa khitchini, manja ali lende, misozi ikutsika yokha, ya kutopa ndi ya chimwemwe pamodzi. Khoma limene linawavutitsa zaka zonsezi anali atathana nalo yekha, popanda kugwadira munthu.

Tsiku loti mawa bambo atuluka anapempha tchuthi kuntchito. Anasesa, anakolopa ndi madzi otunga kwa anansi, anatulutsa zidutswa za njerwa ndi beseni. Chakumasana mipopi inatsokomola, madzi anabwera. Ndithana anasangalala kuti ngakhale madzi akudziwa kuti mwini nyumba akubwera. Anatsitsa makatani onse n'kupita nawo panja kukachapa.

Anali akuyanika pamene anamva kulira kwachilendo, ngati wina akuthyola nkhuni patali. Anathamangira m'nyumba. Siling'i ya pamwamba pa kona inali itatulutsa mimba, njerwa zimene anazisiya m'mwamba zija zitasiyanasiyana, mchenga ukuyoyoka. M'denga thanki inkamveka ikudzaza mwamtendere, kulemera kukuwonjezeka. Akanathamangira kukatseka madzi panja mwina zikanachedwako, koma mutu wa munthu wodzidzimuka sugwira. Anatola mopu n'kuimika mtengo wake pansi pa siling'iyo, akukankha ndi manja onse awiri. Taonani zinazi, amene anabweza majeki achitsulo pageti akuchirikiza denga ndi mopu! Mtengowo unapindika n'kuthyoka. Njerwa inamugwera paphewa. Anangokwanitsa kukoka chikuku n'kuthawira nacho pabalaza.

Kumbuyo kwake kunamveka chiphokoso chimene chinatulutsa anthu a mumsewu wonse. Khoma linakhala pansi, mitanda inatsatira, thanki inabwera ndi siling'i yonse n'kuphulikira pa sitovu. Fumbi linangoti koboo. Madzi anasefukira m'kolido mpaka kuchipinda, n'kusanduka matope ofiira pansi pa bedi limene anali atayala kumene. Fumbi litachepa, Ndithana anaona mitambo ali m'khitchini mwake, kudzera pamene malata anang'ambikira. Paipi yothyoka inkathirabe madzi pa mbale ndi mapoto.

Anakhala pakhonde nthawi yaitali foni ili m'manja. Wina mwa anansi anakatseka madzi. Ena ankafunsa mafunso, iye osamva. Pomaliza anaimba.

"Alamu. Bwerani nawoni majeki aja."

Mlamu anafika ndi antchito ake pamodzi ndi mmisiri uja. Ndithana anali atakonzeka kumva zonse, pamaso pa anthu onsewo. Koma mlamuyo analowa n'kuona zonse zimene zinachitika. Anatuluka, anayang'ana phewa lotupalo, n'kungofunsa motsitsa mawu, "Mwavulala kwambiri?" Kukanakhala bwino akanakalipa. Chifundo chopanda phokosocho chinamupweteka kuposa njerwa.

Majeki anaimikidwa madzulo omwewo, ambiri kuposa amene akanafunika poyamba, kuti denga lotsalalo lisatsatire linzake. Mmisiri anayenda m'zipinda nsapato zikulira m'matope, akuyang'ana m'mwamba. Zoti ndinakuuzani sananene, nayenso ankaoneka wotopa.

"Mitanda yathyoka, mayi. Khoma la kuchipinda nalo lang'aluka, mawaya a magetsi anyowa. Pakati ponsepa m'pofunika kusasula denga n'kuyambiranso. Ndipo mvula ili pafupi."

"Mpaka liti?"

"Wodwala asagone muno chaka chino."

M'mawa mwake anakawatenga bambo pa galimoto ya mlamu. Anawakhazika kutsogolo, Ndithana kumbuyo ndi zikwama ndi chikuku chopinda. Bamboyo anali atametedwa ndevu, atavala malaya amene mkazi wake anasita, nkhope ikuwala mbali imene inkathabe kumwetulira. Potuluka m'wodi anatsanzika anamwino onse ndi dzanja lamanzere. Palibe amene anali atamuuza kanthu. Ndithana anati anene pokweza katundu, kenako anati anene galimoto ikanyamuka, koma lilime linamulemera. Atafika pamphambano yolowera kwawo, galimoto inapitirira. Bamboyo anatembenuza mutu kutsatira msewu wakewo mpaka unabisika, kenako anamenya chitseko cha galimoto ndi dzanja lamoyolo.

"Uku! Kwathu... uku!"

Mlamu anangoyang'ana kutsogolo. Ndithana anayang'ana pansi.

Chipinda chimene anawakonzera kwa mlamu chinali chabwino, chachikulu, chonunkhira sopo, koma cha eni. Anthu atatuluka, Ndithana anatseka chitseko, anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kufotokoza zonse: kona, mmisiri, majeki amene anawabweza pageti, njerwa za m'munsi, thanki. Anafotokoza mosadzikometsera, mawu ali pansi. Atamaliza anafuna kunyamuka kuti akalongosole zovala, koma bambo anamugwira mkono mwamphamvu mpaka anakhalanso. Ulendo uno anayenera kudikira mawu onse, ngakhale ankabwera modontha.

"Thanki... ndinakweza... ine. Khoma lija... ndimalidziwa."

"Sindinafune kukuvutitsani, bambo. Mumadwala."

"Achimwene... pakamwa pawo... ndikanatseka ine. Ndinakula... nawo."



Bamboyo anasiya mkono wake. Anamenya mwendo wakufa uja, kenako anakweza chala pang'onopang'ono n'kudzigogoda pachipumi.

"Wafa... ndi mwendo, mayi. Muno... ndilimo. Simunandi... funse."

Misozi imene Ndithana anagwetsa pamenepo inali ya manyazi okhaokha. Zoti anakana mlamu, mmisiri, mnzake wa kuntchito ndi mwana wake yemwe, ankazidziwa. Chimene sanachione masabata onsewo n'chakuti mwini nyumba, amene ankamuvutikira ndi hamala mpaka manja kung'ambika, nayenso anali atamuchotsa m'gulu la anthu ofunsidwa nzeru. Bambo anatembenukira kuwindo lachilendolo, loyang'ana kumpanda wa eni, ndipo mvula yoyamba itagwa inawapeza akadali pomwepo, akudikira kubwerera kwawo. Akuluakulu sananame, abale anga: mutu umodzi susenza denga.